Dzina Langa Linatsala Panjinga

Imabari,
12 Novembala 2023.

Okondedwa achemwali anga a Tokie,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga kumeneko ku Kushiro, ngakhale ndamva kuti chisanu chayamba kale kuluma. Kuno manachesi apsa ndipo ndakutumizirani katoni imodzi. Ena ndi amawangamawanga, musandinyoze, omwewo ndiwo otsekemera. Pafoni paja ndinakuuzani kuti zonse zili bwino. Sizinali bwino ayi, kungoti amuna anga a Kuniaki anali pambali panga, ndipo ine ndikayamba kulira iwo amachita mantha. N'chifukwa chake ndati ndilembe.

Ndavomera opareshoni ya bondo ija. Adzandichita kumayambiriro kwa Disembala. Ndikudziwa kuti pano mukuti, "Wamakani uja wamva tsopano," pajatu mwandilalatira chaka chathunthu. Sekani ndithu. Koma chimene chinkandichedwetsa si mantha a mpeni monga munkaganizira, ndipo lero ndikufuna muchidziwe.

Alamu anuwa mukuwadziwa. Zaka zonse zimene ankawotcherera zitsulo kopangira zombo, mawu awo m'nyumba muno anali ochita kupempha. "Iwe, tiyi." "Iwe, madzi osamba." Hiroki atabadwa ndinakwezedwa udindo, ndinakhala "amake mwana". Dzina langa ankachita nalo manyazi ngati ndi mawu otukwana. Malo amodzi okha amene ankalitchula ndi panjinga yathu yaitali ija, ya zishalo ziwiri. Panjinga yotere munthu sungakhale duu. Wakutsogolo amayenera kunena chilichonse poti wakumbuyo saona njira: tikukwera, tikukhota, tikuima. Ndiye tikafika pachitunda chozungulira chija chokwerera mlatho wa ku Oshima, mpweya ukawathera, ankakuwa kuti, "Chizuru, ponda!" Ine kumbuyoko ndinkaponda ngati wamisala. Anzanga ankati ndimakonda njinga. Njinga ndinkaikonda inde, koma ndinkapita kukamva dzina langa.

Matenda oiwalawa atawagwira tinasinthana malo. Ine ndinapita kutsogolo kukagwira chiwongolero ndi mabuleki, iwo kumbuyo. Miyendo yawo sinaiwale kanthu, ikadali ngati ya mnyamata. Mutu ndiwo ukupita. Chiyambire nyengo yotentha, m'nyumba muno sandidziwanso. Ndikawapatsa mpunga amawerama bwinobwino n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri mayi, ndakuvutitsani." Nthawi zina amandifunsa, "Pepani mayi, akazi anga sanabwerebe?" Achemwali, ulemu umene ndinaulakalaka ukwati wanga wonse ndikuulandira tsopano, ndipo ukuwawa kuposa bondoli.

Koma ndikawakweza panjinga n'kufika pachitunda paja, mawu aja ankatuluka okha: "Chizuru, ponda!" Kuyambira pamenepo mpaka tsidya lina ankakhala amuna anga. Ankandinyoza kuti ndikuchedwa kusintha magiya, ankandilozera chombo chilichonse chodutsa pansi ati anachiwotcherera ndi iwo. Tikangotsika, basi, ndabwerera kukhala mayi wachifundo wowaphikira. Ndiye mundiuze inuyo, mukanakhala ine mukanasiya kupalasa?

Bondo nalo silinandimvere chisoni. Dokotala Ochi, wa mafupa, anandionetsa chithunzi akuchigogoda ndi cholembera.

"Mayi Shiraishi, apa palibenso chotsala. Fupa likukhulana ndi fupa linzake. Kodi mumayenda bwanji?"

"Sindiyenda, ndimapalasa."

"Mutanyamula katundu wolemera bwanji?"

"Si katundu, ndi amuna anga."

Anaseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anandiuza kuti bondo lachitsulo limene adzandiike limagwirizana ndi njinga, ndidzapalasanso ndithu. Koma choyamba ndigone m'chipatala milungu ingapo, kenaka miyezi yophunziranso kupinda mwendo. "Ndipo ya anthu awiriyo, yoti mukaima mwendo wanu ndiwo uchirikize nonse, musaiganize n'komwe mpaka maluwa a sakura atayoyoka mu Epulo."

Sabata yomweyo ndinafunsa dokotala wa a Kuniaki ngati pofika Epulo adzakhale akundidziwabe panjinga. Sanandiyang'ane. Anangoti matendawa akuthamanga kuposa mmene ankayembekezera. Ndinatuluka mmenemo nditatsimikiza kuti bondo lidikire. Ndinkalimanga ndi nsalu, kumeza mapiritsi, kubayitsa jakisoni, n'kumakuuzani inu pafoni kuti ndikuganizirabe.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi watha tinaima pamaloboti pafupi ndi doko. Ndinatsitsa mwendo monga mwa masiku onse, ndipo bondo linangopindika lokha osandichenjeza. Tinagwera mumsewu tonse awiri, njinga pamwamba pathu. Lole yonyamula zitsulo inaima pafupi kwambiri moti ndinamva kutentha kwa injini yake kumaso. Dalaivala anatsika akukalipa.

"Agogo inu, mukufuna kundimangitsa? Ndili ndi ana ine!"

A Kuniaki anadzuka chigongono chikuchucha magazi, anawerama kupepesa dalaivala uja, kenaka anatembenukira kwa ine ndili pansi.

"Pepani mayi, ndakugwetsani. Akazi anga akabwera adzakupepesani bwinobwino."

Hiroki anachoka ku Nagoya tsiku lotsatira. Mwanayu watengera pakamwa panu, osati pa bambo ake.

"Amayi, mukufuna kupha abambo kapena kudzipha nokha? Nenani tidziwiretu maliro oti tikonzekere."

"Iwe, ukuyankhula ndi ndani choncho?"

"Ndi mayi anga amene anagona kutsogolo kwa lole dzulo."

Ndinamugenda ndi silipasi, ndipo ndinamuphonya. Koma ananena zoona. Ndinkafuna kusunga amuna anga panjinga, ndinkafunanso kuti asafe, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. M'mawa mwake ndinaimbira Dokotala Ochi.

Panopa nyumba yathu simungaizindikire. Matiresi apansi aja tawapinda, mwalowa bedi lalitali ngati la kuhotela. Hiroki wakhoma zogwirira kubafa ndi kukhonde. Andichotsa dzino limodzi lobowoka, ati lingatumize matenda kubondo latsopano, ndipo m'mawa uliwonse ndimagona chagada n'kumakweza mwendo kuti ntchafu ilimbe, a Kuniaki akundiyang'ana mwaulemu ngati akuonera mlendo wopenga. Kugwada pamphasa za tatami andiuza kuti mwina ndiiwale. Ndiye paguwa la makolo ndaikapo kampando. Tsiku loyamba kuyatsa lubani nditakhala pampando, ndinayang'ana chithunzi cha apongozi anga aakazi, aja ankandimenya ntchafu ndi chokupizira mphepo ndikapendekeka pogwada, ndipo ndinawauza kuti, "Amayi, mukhululuke, mukadandaule kwa dokotala." Ndinaseka ndekha, kenaka ndinalira.

Chovuta kwambiri sichinali chimenecho. A Kuniaki sangakhale okha, ndipo Hiroki sangasiye ntchito. Tawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba ya kuphiri kuja, chipinda choyang'ana kunyanja. Kumeneko amafuna chovala chilichonse chilembedwe dzina la mwini wake, ngakhale sokosi. Ndinakhala masana onse ndikulemba pamakolala, iwo akundithandiza kupinda. Amapinda bwino kwambiri, achemwali, munthu amene kale sankadziwa kumene malaya ake amakhala.

"Mwini zovalazi akupita paulendo?" anandifunsa.

"Eya, akupita."

"Kutali?"

"Si kutali kwenikweni."

"Mumuikire juzi yokhuthala. Kukuzizira tsopano."

Ndinaika juziyo.

Dzulo ndinapempha Hiroki chinthu chimodzi, kuti tipalase komaliza ndisanakagone kuchipatala. Anakana, ndinaumirira, tinakangana, ndipo mapeto ake anavomera pokhapokha tikayambire patsinde pa chitunda pomwe sipadutsa galimoto, iye akutitsatira panjinga ina. Kunja kunacha bwino, nyanja ili bata. Ndinawaveka a Kuniaki chipewa chawo, anakwera bwinobwino, ndipo tinanyamuka.

Ndinkadikira. Tinadutsa pokhota poyamba, zii. Pachiwiri, zii. Ndinkangomva mpweya wawo kumsana kwanga. Tinafika pamene amakuwira nthawi zonse, ndipo sananene kanthu. Ndiye ndinachita zachibwana. Ndinafewetsa miyendo dala, ndinasiyiratu kuponda, kuti amve kulemera akwiye. Njinga inayamba kugwedezeka. Ndinati tsopano akuwa, tsopano anditukwana, chilichonse. Koma iwo anangowonjezera mphamvu. Anatikweza tonse awiri okha mpaka pamwamba pamlatho, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. Titafika pamwambapo ndinamva dzanja lawo likundigwira paphewa pang'onopang'ono.

"Mayi, mwendo ukukupwetekani eti? Pumulani, ndipalasa ndine."

Anandiwolotsa mlatho wonse, achemwali. Ine ntchito yanga inali kugwira chiwongolero basi, ndipo njira sindinkaiona bwino chifukwa cha misozi. Zombo zinadutsa pansi, sanalozeko n'chimodzi chomwe. Titafika tsidya lina Hiroki anathamanga kudzagwira njinga kuti ndisatsitse mwendo. Bambo ake anatsika, anavula chipewa, anatiweramira tonse awiri n'kuthokoza chifukwa cha ulendo wabwino.

Miyezi yonseyi ndimaopa kuti opareshoni indilanda nthawi yotsala. Sindinadziwe kuti nthawiyo inali itatha kale, mwina tsiku lomwe lija tinagwa, mwina kale pang'ono, ine osazindikira kuti kukuwa kuja kunali komaliza. Ndikanadziwa ndikanamvetsera bwino. Mtima wanga wasweka, achemwali, sindikubisirani. Ndiwapereka kunyumba ija Lachisanu likubwerali, ndipo ndikudziwa kuti adzanditsanzika mwaulemu, osadandaula, chifukwa palibe amene akusiyana naye.

Opareshoniyo ndichitabe. Ndidzapinda mwendowo mpaka udzamvere, ndipo sakura akadzayoyoka ndidzapita kukawatenga a Kuniaki, akadzakhala akuthabe kukwera. Musandifunse kuti ndikuyembekezera chiyani. Anthu awiri amene sadziwana akhoza kuwolokabe mlatho limodzi, ndinaona dzulo.

Musavutike kubwera. Ulendo ndi wautali, nyengo ya chipale chofewa yayandikira, ndipo alamu anga ndi msana wawo uja sangatsale okha. Hiroki adzakhalapo tsiku la opareshoni ndipo adzakuimbirani ndikangotuluka. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze asiye kukolopola chipale okha ngati mnyamata. Moninso kwa adzukulu anu onse.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo musaliseke. Hiroki amanditchula amayi. Ana ake amati agogo. Kuchipatala ndine Mayi Shiraishi a bondo lakumanzere. Bambo ndi mayi athu anapita, ndipo a Kuniaki mwamva. Mwatsala inu nokha. Ndiye mukadzandiimbira kuchipatalako, musadzayambe ndi "iwe mwana" monga mumachitira chiyambire tili aang'ono. Mudzanditchule dzina langa, mokweza, ngakhale mukundilalatira.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Chizuru