Mphanda Yauwisi

Achemwali anga okondedwa,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi ana? Mwendo wa amayi uja unaleka kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Musanapitirize kuwerenga, khalani kaye pansi.

Kalata munalandira mwezi watha ija, yonena kuti alamu ali pa ulendo wautali ndipo foni yawo inagwera m'madzi, sanalembe ndi iwo. Ndinalemba ndine, iwo akundiuza mawu. Inu munayankha moseka kuti amuna anu aphunzira liti kulemba mowongoka chonchi. Nditawawerengera pamenepo, anatembenukira kukhoma.

Alamu ali m'chipatala, sabata ino ndi yachisanu ndi chimodzi. Ali moyo, akudya, akuyankhula. Koma manja alibe, achemwali. Madokotala anadula onse awiri m'zigongono.

Inu mumangodziwa kuti timanyamula zimakina pa thiraki, ine woyendetsa, iwo womanga katundu. Ngolo yathu ndi yapululu, yopanda denga ngakhale zipupa, katundu timamanga ndi matcheni. Ulendo umenewo tinasenza chimakina chophwanyira miyala, chachitali kuposa nyumba yanu. Katundu wotere akafika pomwe mawaya amagetsi adutsa motsika pamsewu, munthu amakwera pamwamba ndi mtengo wautali wa mphanda n'kukankhira mawayawo m'mwamba, thiraki n'kumadutsa pang'onopang'ono. Imeneyo inali ntchito ya alamu.

Mphanda yawo inali youma gwa, ya zaka zambiri. Ankaikulunga mu tenti kuti mvula isaikhudze, ine n'kumawaseka kuti amaisamala kuposa mkazi. Ankangoyankha kuti mtengo wouma magetsi sayendamo, wauwisi ndi imfa.

Tsikulo cha kummawa tayala la ngolo linaphulika. Pamalopo panali pofewa, jeke inkangomira m'dothi. Alamu atapita kukafuna matabwa pamalo ena ochekera mitengo patsogolo, abwana anandiimbira katatu, akukalipa kuti kumgodi anthu angokhala manja lende kudikira ife. Mutu unandizungulira. Ndinatenga sowo, mphanda ija n'kuidula zidutswa zisanu, ndinaziyala pansi pa jeke, tayala n'kusintha. Kenako ndinadula bulugamu wa mphanda m'mbali mwa msewu, n'kumusenda makungwa.

Alamu pobwera anaona zidutswazo. Ananyamula mtengo watsopanowo, nati ukulemera, uli ndi madzi, tidikire tipeze wouma. Apa ndi pamene pakamwa panga panandipweteketsa. Ndinawauza kuti akalamba, achemwali akuwadyetsa zonona mpaka mtengo wa mwana ukuwalemera. Ndinatinso ngati ali ndi mantha aziyendetsa ndi iwo, ndikwere ine mwamuna. Mukudziwa mmene timaserewulirana. Anaseka, nanditcha kamwana kopanda mwambo, n'kukwera.

Mawaya oyamba tinawapeza dzuwa lili pamutu, pafupi ndi sitolo ya matayala. Ndinali kuyang'ana pa galasi. Ndinaona kuwala, ndinamva kuphulika, basi pagalasipo panalibenso munthu. Fungo lake sindikuuzani. Mpaka lero nyama yowotcha sindiyandikira.

Akuluakulu a kampani atabwera kuchipatala kudzafunsa, ine ndinaima pakhomo ngati chitsa. Alamu anawauza kuti mphanda yakale anaiiwala okha ku galaja, ndipo wauwisiwo anadula okha. Atatuluka anthuwo anandiuza kuti nditseke pakamwa, chifukwa wopanda ntchito m'banja mwathu akwana mmodzi. Anandilumbiritsanso kuti inu musamve. Akuti simunakwatiwe ndi munthu womwetsedwa phala ndi supuni, ndipo bola muziyesa kuti anakuthawani.

Lumbiro limenelo ndaliswa lero. Ndatopa, achemwali. Ndimawasambitsa ndine, kuwameta ndevu, kuwakanda pamsana, ngakhale kuchimbudzi timapita tonse, ndipo nthawi iliyonse amati zikomo. Zikomo ameneyo amandibaya kuposa mpeni. Bola akanandilavulira malovu.

Sindikupempha kuti mundikhululukire. Munandibereka kumsana ndili khanda, ine ndakubwezerani zotere. Mukafika munditukwane, mundimenye pamaso pa anthu, ndidzaima osaphethira. Koma bwerani. Munthuyu amanama kuti sakukufunani, chonsecho nsapato ya mzimayi ikangomveka pakhonde amadzutsa mutu.

Anamwino anavula mphete yawo yaukwati asanawalowetse kodula kuja, n'kundipatsa ine mu kanvulopu. Dzulo alamu anandipempha kuti ndiilowetse pa kachingwe ndiwamangirire m'khosi. Ndakana. Ndawauza kuti amene anawaveka poyamba ali moyo, ndipo manja anga awa awachita zokwana. Mpheteyo ili m'thumba la malaya anga, kachingwe ndagula kale. Wodi yawo ndi ya abambo, bedi lakumapeto pafupi ndi zenera.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma musawauze kaye mpaka mutaona nokha. Ana muwauze kuti bambo awo amawatchula mayina tsiku ndi tsiku. Mulungu akulimbitseni mtima, akuyendetseni bwino panjira. Ine ndiziima pa geti la chipatala basi iliyonse ikamafika.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundiwerengabe,
Mzime wa amayi