Sopo wa mizere ya chitseko chathu

Loweruka. Chiperoni kuyambira m'mawa, nanenso sindinaseke.

Lero kugulu lathu la amayi kunali mpikisano wopanga sopo wa mizere ngati ya thabwa. Ine ndinatengera chitseko chimene malemu amuna anga anakhoma, chija chinapita ndi madzi osefukira pamodzi ndi nyumba. Ndinayesa kanayi, ndikuthira makala osinja ndi katondo, mpaka mfundo ija ya pafupi ndi loko inaoneka ndendende.

Ndapambana. Koma lamulo la gulu ndi lakuti sopo wopambana agawidwe kwa onse. Apampando anatenga mpeni.

"Musalire achemwali," anatero, "ndi sopo chabe uyu."

Panopa mudzi wonse ukusambira chitseko changa. Kachidutswa kanga ndakabisa m'chikwama. Koma zovala za ana zada, mawa n'kutchalitchi, ndipo sopo wina m'nyumba muno...