Dzanja Lamanja la Abbas

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Kutentha kuno ku Senga Bay, fani nayonso yafa. Wandiimbira Tamanda, mtsikana wa kuwayilesi ku Lilongwe. Akufuna ndikalankhule Loweruka za zaka makumi awiri za situdiyo yanga ya Mkuntho. Akuti ndine "mayi amene anabweretsa chamba cha rock kunyanja." Ndaseka. Ine Elsie, woyamba ndi masipika awiri ndi jenereta yotsokomola m'galaja ya malemu bambo! Mabandi khumi ndi anayi adutsa m'manja mwangamu. Ndavomera.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Tamanda watumiza mafunso pafoni. Funso lachitatu: anapeka "Mwera Usanditenge" ndani? Nyimbo imene inatifikitsa ku Joni mpaka ku Ulaya. Pachimbale timawerenga kuti Takondwa, woimba wa bandi ya Mwera. Analemba zimenezo ndine.

Anapeka ndi Abbas. Msodzi wa ku Mbenji, gitala anadziphunzitsa yekha, ndipo akailiza tsitsi linkaima. Anaipekera mkulu wake amene anamira ndi bwato. Mu 2009 azungu okonza maulendo aja anati mawu onse tiwasandutse Chingerezi. Abbas anakana pamaso pawo. "Anti, achimwene anga sanamire m'Chingerezi." Ndinachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka mkwiyo. Sabata yomweyo ndinamuchotsa mu bandiyo, n'kutenga wagitala wina ku Lilongwe. Dzina la Abbas ndinalifufuta pa chikuto cha chimbale ndi dzanja langa. Chowawa n'chakuti nyimboyo inatchuka m'Chichewa momwemo.

Sanabwerepo kudzadandaula. Bola akanabwera kudzandilalatira.

Lachinayi, 10 Okutobala

Kumsika ndakumana ndi Enock, wang'oma wa Mwera uja. Pano amagulitsa chambo. Akundipalira nsomba wangoti, "Anti, za Abbas munamva? Sitiroko, mwezi wa Juni. Dzanja lamanja linaferatu. Ali kwa Chikombe, kuchikamwini."

Ndafika kunyumba chimanjamanja. Chambo ndachiiwala pabenchi pake.

Lachisanu, 11 Okutobala

Sindinapite. Ndimadziuza kuti lero ndi la kumzikiti, ndingawasokoneze. Bodza. Ndi mantha basi.

Loweruka, 12 Okutobala

Pulogalamu inayamba bwino. Ndinafotokoza za madansi oyamba pamchenga, momwe abusa ankatinenera kuti tikuimba za ziwanda, momwe ndinkanyamulira masipika pa lole ya nsomba. Ankaseka onse. Kenaka funso lija. Takondwa anali pafoni kuchokera ku Joni, kundidikira ine.

Ndinati, "Inali ntchito ya bandi yonse."

Tamanda anagwedeza mutu n'kuika nyimboyo. Gitala ya poyambirira ija, yolira ngati munthu, sitinaijambulenso, ndi zala za Abbas zomwe zija. Ndinavula mahedifoni. Pobwerera ndinaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu kwa nthawi yaitali, mpaka mayi wina wogulitsa mango anadzagogoda pagalasi kufunsa ngati ndadwala.

Pakamwa panga pabodza ndi pomwe paja, zaka zonsezi.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi sindinamve kalikonse.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndapita kwa Chikombe m'mawa. Msewu wafumbi, ndinasochera kawiri. Mkazi wake, Zulfa, ndinamupeza akuyanika usipa pathandala. Anandipatsa moni osasiya ntchito. "Tinakumvani Loweruka, mayi."

Abbas anali pakhonde, wawonda, mlomo wapendekera pang'ono. Dzanja lamanja lili pantchafu ngati la munthu wina. Anandiyang'ana n'kuti, "Anti Elsie. Mwakalamba."

Mawu onse amene ndinakonza m'galimoto anathawa. Ndinangoti ndinalakwa, nyimbo ija ndi yako, ndinakulanda. Amalankhula pang'onopang'ono tsopano, liwu lililonse kulikoka. Anati za ku Ulaya sanazilirepo, Alhamdulillah nyanja yamudyetsa. Koma ana ake amaiimba nyimboyi pobwera kusukulu, ndipo akawauza kuti anapeka ndi iye amaseka. "Amati ababa sitiroko yawasokoneza mutu."

Pamenepo ndiye ndinalira, chinthu chimene sindinachite ngakhale pa maliro a bambo.

Ndinati ndiimbira Tamanda tikonze. Zulfa ali kuthandala konko anati, "Zaka khumi ndi zisanu, mayi. Foni inalibe mayunitsi?" Ndinaimba foniyo pomwepo, onse akumva. Tamanda anati abwera Lachitatu ndi chojambulira mawu. Abbas sanavomere, sanakanenso.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndamuuza Takondwa kuti mawa ndiulula zoona. Akuti, "Anti, mukufuna kundiyalutsa?" Wadula foni. Patatha ola walemba uthenga: "Mumuuze ndimamukumbuka." Basi.

Mwina mabandi ena andithawa zikamveka. Athawe.

Lachitatu, 16 Okutobala

Tamanda anafika cha m'ma teni. Tinakhala pakhonde lomwe lija, ana atatu a Abbas atatsamira khoma, Zulfa ataimirira pakhomo manja ali m'chiuno. Ndinanena zonse m'chojambuliracho: dzina langa, dzina lake lonse, Abbas Sidiki, chaka, ndi chimene ndinachita. Mwana wamkulu ankangoyang'ana bambo ake, kukamwa yasa.

Tamanda anafunsa Abbas ngati ali ndi mawu. Abbas anapukusa mutu, n'kuuza Zulfa kuti akatenge gitala pansi pa bedi. Inabwera ili fumbi lokhalokha, nsambo zisanu, yachisanu ndi chimodzi inaduka. Anaiika pamiyendo, zala zakumanzere n'kupeza malo ake zokha.

"Anti, khalani uku." Kumanja kwake.

Ndinati sinditha. Zaka makumi awiri ndikulamula oimba, gitala sindinaikhudzepo. Anati, "Mungokanda nsambo chotsitsa ndikagwedeza mutu."

Anagwedeza. Ndinakanda. Zinatuluka zonyansa, nkhuku inathawa pakhonde, Zulfa n'kuphulika kuseka mpaka kugwira chitseko. Abbas sanaseke. Anasuntha chala chimodzi, n'kundiyang'ana monga ndinkawayang'anira oimba mu situdiyo.

"Mwafulumira. Bwerezani."