Dzanja Lomwe Sindinkalidziwa

Lolemba, 3 Marichi
Ndalephera mayeso owombera. Kale ankangotisainira, chaka chino akuwerenga mabowo pachandamale. Don Ovidio, bwana wa kampani yathu ya alonda, akuti mpata womaliza ndi pa 28. Ndikalepheranso, pakhomo la banki aikapo wina. Ana awiri, imvi zayamba. Angandilembenso ntchito ndani?

Lachinayi, 6 Marichi
Ndayamba kupita kophunzirira kuwombera, chipinda chapansi kuseri kwa msika. Fungo la onga, zotseka m'makutu zonunkha thukuta la eni ake. Wophunzitsa ndi Don Efraín, msilikali wopuma, mimba kutsogolo. Zipolopolo zanga zonse kumanzere kwa chandamale, malo amodzi ngati zapangana. Iye: "Nohemí, khoma limenelo linakulakwira chiyani?" Ndinaseka, koma zandidabwitsa. Wosadziwa amamwaza. Nanga zanga zikugwirizana bwanji pophonya?

Lachiwiri, 11 Marichi
Lero Don Efraín anandilanda mfuti. Akuti tambasula manja, siya kabowo pakati pa zala, yang'ana babu, kenako bweretsa manjawo kumaso. Anapita okha ku diso lamanzere. Ndinabwereza kangapo kuti ndiwagwire bodza, ayi ndithu. Akuti diso lolamula ndi lamanzere pomwe ndimawombera ndi dzanja lamanja. M'basi ndinangokhalira kutsinzina, ili kenako ili, mapolo a magetsi n'kumadumpha. Bambo wina anayesa ndikumukopa.

Lamulungu, 16 Marichi
Kwa Amayi ku Girón. Tikukanda ufa wa arepa, timikate tachimanga, ndinawafotokozera ngati nthabwala. Sanaseke. Akuti ndinabadwa wamanzere. Asisitere akusukulu anati ndi dzanja la mdyerekezi, ndiye Amayi ankalimangirira kumpando ndi mpango nthawi ya chakudya, mpaka ndinaleka kulira. "Ndinkakuthandiza, mwanawe. Akanakukwatira ndani?" Sindikukumbukako kalikonse. Mkwiyo ulipo, koma chidwi chauposa. Dzanja limeneli likudziwanso chiyani?

Lachitatu, 19 Marichi
Ndayesa lamanzere. Lofooka, lonjenjemera. Zipolopolo ziwiri pakati penipeni, zina kutchire. Don Efraín akuti masiku achepa, ndibwerere ku dzanja lozolowera, ndizingopendeketsa mutu kuti diso lione bwino. Akunena zoona. Koma ziwiri zija sizikundichoka m'mutu.

Lachinayi, 27 Marichi
Mawa. Ndi lamanja tsopano ndikumakhoza nthawi zonse, mongopulumukira. Ndi lamanzere, tsiku lina zokoma mpaka Don Efraín kuimba mluzu, tsiku lina manyazi okhaokha. Ana ayenera kudya. Ndikudziwa.

Lachisanu, 28 Marichi
Ndakhoza. Ndi lamanja, mutu wopendekeka. Don Ovidio wandigwira chanza, ntchito ilipo. Ndimayesa ndivina, koma ndangolira m'chimbudzi. Dzanja lamanzere lija lero ndalimanga ndekha, ndipo Amayi ndawamvetsa, zomwe sindimafuna.

Loweruka ndipitanso kwa Don Efraín. Mizere iyi ndikulemba ndi lamanzere. Zilembo ngati za mwana woyamba sukulu, cholembera chikuterereka, koma dzina langa latuluka mosiyana.