Tinawatsukira Tokha Makina

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife kuno tilipo, poti tikupuma.

Paja mukudziwa kuti kufakitale yathu ya nsalu chaka chilichonse kumakhala shatidauni: makina amazimitsidwa, timawatsuka, kuwathira girisi, kenako ntchito n'kuyambiranso. Ulendo uno bwana anati titsuke mpaka awale. Chitsiru ine ndinagwada pansi pa makina anga ndi kaburashi, nyimbo ili pakamwa! Titangomaliza, tinaona malole akulowa pageti. Bwana anali atagulitsa kale makinawo, achemwali. Ankangofuna kuti wogulayo awapeze oyera.

Kutseka atseke, fakitale ndi yawo. Koma kutipatsa mtembo kuti tisambitse, n'kumatiuza kuti wangogona? Nditamufunsa kapitawo, akuti, "Mayi, simunamve kuti shatidauni?" Ndinatsala pang'ono kumulavulira.

Alamu anu, amene analowa pafakitalepo ndevu zisanamere, amadzukabe m'mamawa, kuvala ovololo n'kukhala pakhonde. Sayankhula ndi munthu. Dzulo ndinamasula chingwe choyanikira zovala n'kuchibisa, musandifunse chifukwa. Chonde aimbireni foni, inu amakumverani.

Ndine mng'ono wanu,
girisi wawo adakali m'zikhadabo.