Tsiku Limene M'bale Estill Anayambitsanso Nyimbo

MPINGO WA BAPTIST WA SASSAFRAS GAP, KENTUCKY
Zolembedwa za msonkhano wa Komiti ya Mwambo

Tsiku: Loweruka, 12 Febuluwale 2022, 10 koloko m'mawa
Malo: Chipinda chodyera, kuseri kwa tchalitchi

Opezekapo: Abusa Verlin Caudill (wapampando), Dikoni Burl Ratliff, Mlongo Wilma Jean Combs, M'bale Denzil Sizemore (mlembi)
Oitanidwa: Mlongo Orpha Slone. Anabwera ndi amuna awo, M'bale Estill Slone, amene sanaitanidwe.
Opepesa: Dikoni Hobert Mullins, ng'ombe yawo ikubereka.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero lalifupi, poti mbaula inali isanagwire moto ndipo aliyense anali atapisa manja m'khwapa. Zolembedwa za msonkhano wapitawo zinawerengedwa n'kuvomerezedwa. Dikoni Ratliff anadandaula kuti mlembi amachulutsa zonena. Mlembi wamva ndipo ayesetsa, koma osati lero.

2. Funso la mtendere

Monga mwa mwambo wathu, wapampando anafunsa ngati abale ndi alongo onse ali pa mtendere, poti kuno sitibalalika osagwirana chanza, ndipo sitigwirana chanza wina ali ndi chakukhosi. Dikoni Ratliff anayankha kuti mtendere palibe. Mlembi wakhala pa mpandowu kuyambira tsitsi lake lili lakuda, ndipo yankho lotere sanalilembepo.

3. Mlandu wa Mlongo Orpha Slone

3.1 Dikoni Ratliff, amene anapuma pa ntchito ya upolisi, anafotokoza kuti Lamlungu lapitali munayenda pepala la abusa a m'dera lino lotsutsa bilu yoloreza chamba ngati mankhwala, imene ili ku nyumba ya malamulo ku Frankfort. Anati Mlongo Orpha analilandira n'kulipereka kwa mnzawo osasaina. Atawafunsa pakhomo, iwo anayankha pamaso pa anthu kuti mafuta a chamba ali nawo m'kabati ya mbale, amakawatenga kwa mng'ono wawo ku Michigan, dera lina kumene chamba n'chololedwa, ndipo amawadonthezera amuna awo pansi pa lilime m'mawa ndi madzulo kaamba ka nthenda yawo yonjenjemera.

3.2 Dikoni Ratliff anapempha kuti mpingo uwachotsere dzanja la chiyanjano, kutanthauza kuti asadyenso Mgonero, asasambitsidwe mapazi, ndipo potsekera mapemphero pasakhale wowapatsa chanza. Anati sakunena mwa chidani, koma lamulo la boma ndi lamulo, ndipo pangano la mpingo limaletsa chilichonse choledzeretsa.

3.3 Mlembi akuona kuti n'koyenera kulemba, kaamba ka ana amene adzawerenge izi ife kulibe, kuti Mlongo Orpha ndi yemwe uja anaima pa mvula pakhomo la khoti ndi chikwangwani mpaka mowa unakanidwa m'dera lino. Ndi yemwe uja anabweza keke pa ukwati wa mdzukulu wa Abusa atanunkhizamo kachasu. Tonsefe tinakulira m'manja mwawo ku Sande Sukulu, ndipo ena makutu akutiwawabe. Kunena zoona, tsiku limene ndinamva kuti iwowa asunga chamba ndinaseka, ndimayesa nthabwala.

3.4 Wapampando anawapatsa mpata woyankha. Anakana mpando n'kuyankha ali chiimire. Mlembi walemba mawu awo monga anatulukira.

"Burl mwanawe, zonse wanenazo n'zoona, sunawonjezere. Koma bwanji sukuwauza abalewa za tsiku lija ndinakuimbira foni? Auze."

Dikoni Ratliff anati nkhaniyo siili pa mndandanda wa zokambirana.

"Ndiye ndiwauza ndekha. Lonzo wanga anadzala mitengo yachamba kuseri kwa khola. Ndani anakanena kupolisi? Ndine, mayi wake womubereka. Iwe unabwera, unamumanga pakhonde panga, ine ndikukuthirira khofi. Ndimati ndikumupulumutsa. Atatuluka kundende, ndani akanamulemba ntchito yooneka? Anakathyoka msana kumgodi wa malasha, anamupatsa mapiritsi opha ululu aja, ndipo nonse munalipo pomuika m'manda pamwamba apo. Chimene anamangidwira chinali choletsedwa. Chimene chinamupha chinali ndi chidindo cha dokotala. Ndiye musandiphunzitse lamulo, ana inu, ine lamulo ndinalipatsa mwana."

3.5 Mlongo Wilma Jean anadzuka kukasonkhezera mbaula imene inali ikuyaka kale bwinobwino.

3.6 Dikoni Ratliff anati imfa ya Lonzo imawapweteka mpaka lero, koma chisoni sichisintha tchimo kukhala chilungamo. Anati iwo aona zambiri m'misewu, ndipo munthu amayamba ndi kadontho. Anafunsa kuti achinyamata tidzawauza chiyani akamva kuti mayi wa mpingo amadutsa nacho malire a boma m'chikwama cha nsalu zosoka.

Mlongo Orpha anati: "Udzawauze kuti wosuta kuti aledzere ndidzamukoka khutu ngati kale. Ine sindinasinthe. Amene anapanga chimanga ndi yemwe anapanga chomera chija. Chimanga ena amaphika chigumu, ena amatcheza kachasu. Kodi unasiya kudya chigumu iwe? Mimba yakoyo ikukana."

Wapampando anapempha kuti mimba za madikoni zisalowe m'nkhaniyi.

3.7 Mlongo Wilma Jean anafunsa ngati dzanja lichotsedwenso kwa M'bale Estill, poti omwa mafutawo ndi iwo. Dikoni Ratliff anati ayi, wodwala alibe mlandu. Mlongo Wilma Jean anati ndiye kuti tikulanga supuni, pakamwa n'kupasiya. Apa mawu anakwera, awiriwa anayamba kulozana zala, ndipo mlembi sanathe kutsatira.

4. Nyimbo

4.1 Wapampando anagogoda tebulo n'kulamula kuti tiimbe, monga timachitira mitima ikatentha pamsonkhano.

4.2 Mwambo wathu ngwakuti woyambitsa nyimbo amatchula mzere yekha, mpingo n'kuulandira n'kuukoka pang'onopang'ono, popanda limba kapena gitala. Mwambo ngwakutinso woyambitsa wamkulu akakhalapo, wamng'ono satsegula pakamwa mpaka wamkuluyo atagwedeza mutu kumupatsa mpata. Chidwalireni M'bale Estill nthenda yonjenjemera ija, nsagwada n'kuuma, mawu n'kutsala ngati mpweya chabe, anasiya kubwera ku tchalitchi, ndipo nyimbo wakhala akuyambitsa ndi Dikoni Ratliff. Mpingo wapirira.

4.3 Dikoni Ratliff anaimirira, anakonza kukhosi, kenako anakumbukira mwambo. Munthuyu tinganene zambiri za iye, koma mwambo saulumpha. Anatembenukira pakona pamene M'bale Estill anakhala chete ndi chipewa pamaondo, nati: "Achimwene, mundilola?"

M'bale Estill sanagwedeze mutu. Anaika chipewa pambali, anagwira tebulo, n'kudzuka okha.

4.4 Mlembi si dokotala ndipo sanganene chimene mafuta amachita kapena sachita m'thupi la munthu. Akulemba zimene anaona. Dzanja lamanja lija, limene kwa zaka zonsezi linkakhala m'thumba chifukwa cha manyazi, linatuluka. Linanjenjemera pang'ono, kenako linakwera m'mwamba n'kutsika, kutsogolera nyimbo monga linkachitira ife tili anyamata. Ndiye anatchula mzere woyamba wa nyimbo ija timaimba potsikira kumtsinje kukabatiza.

Mawu anali aang'ono, okalamba, koma anali awo enieni, ndi kakupotoza kaja ka kumapeto kamene palibe wina anakatha m'mapiri muno. Ine thupi lonse linachita tsemwe. Ndinaiwala kuti mzerewo tiyenera kuulandira, tonse tinaiwala, tinangoti kakasi kuwayang'ana, mpaka iwo anatiyang'ana mokalipa n'kuubwereza. Pamenepo Mlongo Wilma Jean analandira, Abusa analandira, inenso ndinalandira. Magalasi a zenera analira. Ndinachita mantha, mantha okoma, ngati amene ndinachita tsiku limene ananditulutsa m'madzi pondibatiza.

4.5 Anaimba ndime zonse osadumpha. Dikoni Ratliff sanaimbe nawo. Anaima pomwepo atagwira mpando, pakamwa pali yasa, misozi ikulowa m'kolala, ndipo sanaipukute. Mlongo Orpha nawonso sanaimbe. Anaima kumbuyo kwa amuna awo atatambasula manja kuti akagwa awawakhe, koma sanagwe.

4.6 Atatha, M'bale Estill anakhala pansi akupuma movutikira, nati kwa Dikoni Ratliff: "Burl, umaithamangitsa nyimbo imeneyi. Ndimakumva ndili kunyumba." Awa ndi mawu okhawo amene anayankhula pa msonkhano wonse.

5. Chigamulo

5.1 Wapampando, atapukuta magalasi awo kwa nthawi ndithu, anafunsa ngati alipo wothandizira pempho lochotsa dzanja. Panalibe. Dikoni Ratliff anapempha kulibweza okha.

5.2 Dikoni Ratliff anati afuna zilembedwe bwino kuti iwo sanasanduke munthu wina. Chamba chosuta pofuna chisangalalo adzachitsutsa mpaka m'manda. Koma anati: "Ine ndagwira zigawenga moyo wanga wonse, ndimazidziwa. Ngati lamulo likuti mayi awa ndi chigawenga, ndiye kuti lamulolo lalakwitsa nyumba. Ndipo Lonzo sanayenera kugona kundende chifukwa cha mitengo ija. Zimenezonso ulembe, Denzil."

5.3 Komiti inagwirizana, popanda wotsutsa, kupereka ku mpingo wonse mfundo izi: kuti Mlongo Orpha Slone akhalebe m'chiyanjano chonse, kuti mpingo wathu uchotse dzina lake pa pepala la abusa lija, ndi kuti titumize anthu ku Frankfort akauze aphungu kuti odwala aloledwe mankhwalawa kudzera kwa dokotala, ndipo kuti wopezeka ndi chamba chochepa asamatayidwe kundende.

5.4 Wapampando anachenjeza kuti mipingo inzathu itinena, ndipo mwina sadzaitanidwanso kukalalikira ku msonkhano waukulu wa chilimwe. Anati zimenezo aziona okha ndi Mwini wake. Osankhidwa kupita ku Frankfort ndi Mlongo Orpha ndi Dikoni Ratliff. Mlongo Orpha anati a Ratliff adzavale jekete yawo ya maliro, osati yofiirira ija.

6. Kubwerera ku mfundo yachiwiri

Wapampando anafunsanso ngati abale ndi alongo ali pa mtendere. Dikoni Ratliff anayankha oyamba kuti mtendere ulipo. Tinagwirana chanza. M'bale Estill anapereka dzanja lawo kwa aliyense, ndipo linali lofunda. A Ratliff analigwira ndi manja awiri mpaka Mlongo Orpha anawauza kuti alisiye, si lawo.

7. Zina ndi zina

7.1 Mlongo Wilma Jean anakumbutsa kuti nyemba ndi chigumu zikuzizira.

7.2 Mlongo Orpha anadziwitsa komiti kuti aphungu a ku Frankfort sadziwika ndi changu, kuti botolo latsala pang'ono kutha, ndipo likatha adzapitanso ku Michigan. Wapampando anauza mlembi kuti zimenezo asalembe. Mlongo Orpha anati: "Lemba, Denzil. Ine sindinabisepo kanthu m'nyumba ya Mulungu." Mlembi anayang'ana Abusa, anayang'ana Mlongo Orpha, ndipo walemba.

7.3 Onse anatembenukira kwa Dikoni Ratliff kuti amve chimene wapolisi wakale anene. Iwo anasuzumira pazenera pamene panaima galimoto ya a Slone, nati: "Amayi, matayala akumbuyowo atha, ndipo njira imeneyo kumagwa chipale chofewa. Ndibwera Lolemba ndi matayala ena."

8. Msonkhano wotsatira

Udzakhala Loweruka, 12 Malichi 2022, pamalo omwewa. Nyimbo adzayambitsa M'bale Estill Slone, Ambuye akalola.

9. Kutseka

Wapampando anatseka ndi pemphero, ndipo analephera kulimaliza, Mlongo Orpha n'kuwamalizira. Nthawi yotsekera mlembi sanailembe, anaiwala kuyang'ana wotchi.

Wapampando: Verlin Caudill ______________________

Mlembi: Denzil Sizemore ______________________