Chigafa Changa mu Filimu ya Kingston

Lolemba, 8 Julaye

Akulemba ndi mdzukulu wanga Chawezi. Ine Zefaniya ndikungoyankhula, poti andichotsa ng'ala m'diso kuno ku Dubai, komanso cholembera sichinandizolowere. Adokotala akuti dzuwa ayi, fumbi ayi. Panja pakutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Mawindo a nyumba ino ya ku Al Furjan satseguka. Ndakhala nkhuku ya m'chitatanga.

Lachiwiri, 9 Julaye

Mwana wanga Kingston wandionetsa filimu yomwe wajambula. Ndi ya Chawezi yemweyu, akutsetsereka pa thabwa limodzi, miyendo yonse yomangidwa, pa chipale chofewa chimene amachipanga m'kati mwa chisitolo chachikulu. Akaionetsa Lamulungu kwa Amalawi anzathu akaweruka kutchalitchi, kenako aitumiza kumudzi pa foni.

Zabwino ndinene. Phokoso la thabwa pokhota analigwira bwino, likumveka ngati khasu lakuthwa pa nthaka ya mchenga. Pamene mtsikanayu akuuluka, chithunzi anachichedwetsa, ine mpaka ndinagwira mpando. Nyimbo yokha yachuluka.

Lachitatu, 10 Julaye

Ndaionanso. Kugwa kulibe m'filimu monse. Chawezi akuti anagwa miyezi yambiri, dzanja linathyokapo. Nanga osagwayo anaphunzira liti?

Koma chandilasa ndi china. Poyambirira akuonetsa chigafa changa chakale cha fodya ku Mponela, denga litagwa mbali imodzi, Kingston n'kumanena m'Chingerezi kuti kuno ndiko tinachokera. Nyumba yanga ya njerwa zootcha, yamalata, ili pambali pomwepo. Sanaijambule. Lemba bwinobwino pamenepo, mkazi wanga. Chawezi akuseka, akuti mwamuna wa diso limodzi samufuna.

Lachinayi, 11 Julaye

Za chigafa sindinamuuze Kingston. Ndikudya zake, diso wandikonzetsa ndi iye.

Lachisanu, 12 Julaye

Kunabwera mnzake wa Kingston wa ku Chipata, Mwenda. Waiyamikira filimu, akuti azungu amakonda nkhani yoyambira pa umphawi, khalasi, ndiye basi wa Aluya ameneyo. Ndinamva ndili kuchipinda. Kingston anavomera.

Njerwa za nyumba ija ndinaumba ndekha ndi malemu mayi a Kingston. Malemuyo amatunga madzi, ine m'chikombole. Anthu a ku Mponela akaona filimuyi adzati Zefaniya ana ake amawalerera m'chigafa. Apa ndayenda kuchoka pakhomo kufika pawindo, kubwereranso. Kopita kulibe.

Chawezi wafunsa ngati akawauze bambo ake. Ndakana. Mawu a bambo satumidwa mwana.

Loweruka, 13 Julaye

M'mawa ndinamuitana Kingston kuchipinda, ndinatseka chitseko kuti mkazi wake asamve. Ndinayamba ndi zabwino zija, thabwa ndi kuuluka. Kenako ndinati, "Bambo a Chawezi, munabadwira m'chigafa inu?"

Anati chithunzi cha nyumba alibe, ndipo nthawi yatha. Ndinati chigafacho chisiyeni, koma mawu anuwo muchotse, ndinene ndine chimene chili: mmene ndinkayanikamo fodya amene anagula malata, ndi amene anakutumizani inu kusukulu. Anati zingatheke, Chingerezi adzachilemba m'munsi. Chawezi naye wati abwezeremo kugwa kwake kumodzi, kwa dzanja kuja.

Tsopano azimitsa makina oziziritsa kuti asasokose. Thukuta layamba kale. Andiikira maikolofoni patsogolo, ine ndavala jekete yanga ya kutchalitchi ngakhale akuti sindioneka. Kingston wakweza chala.

Siya kulemba, mkazi wanga. Apa ndiyankhula ndekha.